Tifunseni: Za khansa ndi za nyenyezi, munthu mmodzi yemweyo?

Funso: Zikomo akonzi. Ine ndikumaliza masters ndiye ndakhala ndikusakasaka supervisor wa PhD pa Google Scholar. Ndapeza pulofesa wina mapepala ake a kafukufuku ena ndi a khansa ena ndi a milalang'amba, ma citation (kutchulidwa m'mapepala a ofufuza ena) masauzandemasauzande, h-index nayo ili m'mwamba zedi. Kodi munthu mmodzi angadziwe zonsezi kapena ndi zopekapeka za pa intaneti basi? Ndine mlongo wanu ku Zomba.

Yankho: Zimatheka ndithu achemwali, koma musathamangire kuwalembera imelo pulofesayo.

Yambani mwaona ngati alidi munthu mmodzi. Google Scholar imatola mapepala yokha potengera dzina, ndiye mwini profile akapanda kumachotsa zomwe si zake, za J. Wang dotolo ndi za J. Wang wa nyenyezi zimangounjikana pamodzi, manambala nkumakwera. Sakani dzinalo pa PubMed komwe kuli zachipatala, kenako pa ADS ya NASA komwe kuli za kuthambo, muone ngati yunivesite yake ndi anthu omwe amalemba nawo akufanana. Ngati ali ndi ORCID, nambala yomwe wofufuza aliyense amakhala ndi yakeyake, ndiye bwinonso, inayamba mu 2012 pofuna kuthana ndi vuto la mayina ofananali.

Koma anthu oterewa alipo. Ronald Bracewell, wobadwira ku Sydney yemwe anadzakhala pulofesa ku Stanford, anali wa radio astronomy, kufufuza zakuthambo pogwiritsa ntchito mafunde a wailesi. Zipangizo za nthawi imeneyo sizimajambula chinthu chonse kamodzi, zimangoona timizeretimizere, ndiye iye mu 1956 analemba masamu obwezera chithunzi chonse kuchokera ku timizereto, nkudzawonjezera mu 1967 pamodzi ndi wofufuza mnzake Riddle. Tsono CT scan vuto lake ndi lomwelo, X-ray imadutsa m'thupi kuchokera mbali zambirimbiri kompyuta nkulumikiza kuti dotolo aone mkati mwa mutu osang'amba. Masamu aja analowa m'chipatala choncho, moti mu 1992 bamboyu anamusankha kukhala membala wa Institute of Medicine ku America, chikhalirecho sanali dotolo. Muone apa, sikuti ankadziwa khansa ndi nyenyezi mofanana ayi, luso lake linali limodzi, lomanga zithunzi, lomwe mbali ziwirizo zimalifuna. Pulofesa wanuyo ngati ali weniweni mupeza ulusi ngati womwewu, kaya ndi statistics kaya ndi zojambulajambula.

Za manambalazo ndiye ine sindimazikhulupirira kwambiri. h-index anaiyambitsa katswiri wa fizikisi Jorge Hirsch mu 2005, ikakhala 20 ndiye kuti munthu ali ndi mapepala 20 omwe lililonse latchulidwa kosachepera ka 20, basi. Siifunsa kuti pa pepalalo iwe unagwirapo chani. Pepala la gulu la asayansi la LIGO la mu 2016 lolengeza za gravitational waves, mafunde ochokera kutali kuthambo, lili ndi alembi opitirira 1,000 ndipo aliyense amatenga ma citation onse ngati analemba yekha, mayina anawandandalika potsata alifabeti nchifukwa chake amangoti Abbott ndi anzake. Kuchipatala nakonso mapepala a Global Burden of Disease, kafukufuku wa matenda pa dziko lonse, mu magazini ya The Lancet amakhala ndi mayina mazanamazana. Munthu atalowa m'magulu awiri oterewa manambala ake angaopse dziko.

Pomwe wina ntchito yabwino manambala ochepa: Allan Cormack, katswiri wa fizikisi wobadwira ku Johannesburg, maganizo a CT anamubwerera akuthandiza pa chipatala cha Groote Schuur ku Cape Town mu 1956, anasindikiza mu 1963 ndi 1964 koma anthu anangoti ziii. Mwini wake anadzanena kuti pempho losangalatsa la kope ya pepalalo linachokera kwa ofufuza za kugumuka kwa chipale chofewa m'mapiri ku Switzerland! Mu 1979 nkulandira Nobel ya zachipatala limodzi ndi Godfrey Hounsfield, injiniya yemwe anapanga makina a CT. Mukanamuyeza ndi ma citation mu 1968 mukanamudumpha.

Ndiye tsegulani mapepala a zaka zisanu zapitazi a mbali yomwe mukufunayo, muone pomwe dzina lawo lili koyambirira kapena kumapeto, poti kuchipatala woyamba nthawi zambiri ndi amene wagwira ntchito ndipo womaliza ndi mwini labu. Werenganiko awiri atatu, komanso fufuzani omwe anawaphunzitsapo PhD muwafunse ngati pulofesayo amayankha maimelo.