Mafunso ndi Mayankho: Zonse zili pa kompyuta, nanga mankhwala asokonekera bwanji?

FUNSO: Mayi anga amakhala kunyumba yosamalira okalamba. Atatuluka m'chipatala anamwetsedwa mankhwala a BP akale pamodzi ndi atsopano kwa masiku 3, mpaka anayamba kumva chizungulire. Malo onse awiri amasunga mbiri ya odwala pa kompyuta. Zatheka bwanji?

YANKHO: Pepani kwambiri ndi zomwe zawachitikira mayi. Kusunga mbiri pa kompyuta n'kwina, kutumizirana n'kwinanso. Chipatala chimakhala ndi pulogalamu yake, nyumba ya okalamba yakenso, ndipo nthawi zambiri sizimvana. Kuti zimvane pamafunika kalembedwe kamodzi, monga HL7 FHIR, kamene kamaika dzina la mankhwala, mlingo ndi nthawi yomwera chilichonse pamalo pake. Kukapanda apo, chimene chimafika ndi kalata ya PDF basi. Kompyuta imaiona ngati chithunzi, ndiye namwino amakopera pamanja. Mankhwala atsopano amalowa m'ndandanda, koma akale amangokhalabe chifukwa kalatayo sinanene poyera kuti "awa asiyeni".

Yankho la vutoli si makina ayi. Wodwala akangofika, pasanathe maola 24, namwino kapena wa ku famase aike pamodzi mindandanda itatu: zomwe ankamwa asanagonekedwe, zomwe walembedwa potuluka, ndi mabotolo amene ali m'kabati. Pa mankhwala alionse alembe chimodzi mwa izi: apitirize, asinthe mlingo, kapena asiye, ndi chifukwa chake. Pokayikitsa aimbire dokotala amene anamutulutsa. Ayambe ndi oopsa akaphonyeka, monga insulin, warfarin (woletsa magazi kuundana) ndi a BP. Ayang'anenso nthawi imene anamwa komaliza, chifukwa mlingo wa m'mawa umatha kuperekedwa kawiri tsiku losamukalo.

Misampha ina ilipo. Anthu awiri a dzina limodzi mbiri zawo zimasakanikirana, choncho dzina lokha silikwanira. Pafunikanso tsiku lobadwa ndi nambala ya wodwala. Miyeso nayo imapusitsa: shuga wa 180 mg/dL ndi yemweyo wa 10 mmol/L, koma nambala ikafika yopanda muyeso, namwino angaone ngati zafika poipa kapena zili bwino pomwe sizili choncho. Mankhwala amene amamuwenga wodwala, monga penicillin, amasowanso kawirikawiri akalembedwa m'ndemanga osati pamalo pake.

Inuyo afunseni oyang'anira nyumbayo kuti ndani amafananitsa mindandanda ija, ndiponso ngati amasindikiza papepala ndandanda ya mankhwala a tsiku lililonse, yogwiritsa ntchito intaneti kapena magetsi zikavuta. Wantchito aliyense azilowa ndi pasiwedi yake, osabwerekana, kuti zidziwike amene anatsegula kapena kusintha mbiri ya mayi. Mayi akavomereza, kapena ngati ndinu wowaimira mwalamulo, pemphani kope la ndandanda yatsopanoyo ndipo muzinyamula nthawi zonse akamapita kuchipatala.