Kwa achimwene amene kompyuta yawo yakanidwa ndi Windows 11

Achimwene, mwati kompyuta yanu ya patebulo ili ndi RAM ya 8 GB, Windows 11 ikuikana, ndipo mukufuna china cholowa m'malo mwa Windows choti muzichisintha mmene mtima wanu ukufunira, komanso chosatumiza zochita zanu kwa anthu osawadziwa. Anzathu ena amene ayankha funso lanuli pa gulu lino aponya kale maina ambirimbiri a ma sisitimu a Linux, ndiye ine ndingonena zimene ndikanachita ikanakhala yanga.

Kukanako si vuto la kompyuta yanu. Windows 11 imafuna TPM 2.0 (kachipangizo ka chitetezo ka m'kati mwa kompyuta), ndipo purosesa ikakhala ya Intel imafuna ya 8th generation kupita m'tsogolo, pomwe Windows 10 Microsoft inasiya kuisamalira pa 14 Okutobala 2025. Makinawo akadali amoyo ndithu.

Ikani Linux Mint 22, sisitimu yolowa m'malo mwa Windows, ya maonekedwe otchedwa Cinnamon. Ndikudziwa kuti ena aseka, ati ndi ya agogo. Aseke. Maziko ake ndi Linux ina yotchedwa Ubuntu 24.04, izilandira ma update mpaka 2029, ndipo menyu yake ili pansi kumanzere ngati kumene munazolowera. Mitundu, zizindikiro, malo a panel ndi ma shortcut a kiyibodi, zonse mumasintha ndi mausi. Mukaona kuti sizikukwanirani, pitani pa maonekedwe ena otchedwa KDE Plasma, amene amabwera ndi Linux ya Kubuntu. Kumeneko mungasinthe ngakhale mthunzi wa windo. Zithunzi zokongola za Arch ndi Hyprland (Linux ndi maonekedwe zosintha pochita kulemba mu fayilo ya config) zimene mwaona zija zisakutengeni mtima lero. Ine ndinathapo sabata yathunthu ndikusewera ndi fayilo ya config, ndinaphonya kachizindikiro kamodzi, sikirini nkungoti bii, mayi akunyumba ataima pambali panga ndi kalata yoti tiprinte mawa lake. Kulakwa kunali kwanga, koma tsiku limenelo sindinadye nsima mwamtendere.

Musanafufute kalikonse, ikani Ventoy (pulogalamu yothandiza kuyatsa kompyuta kuchokera pa flash) pa flash, muponyemo fayilo ya ISO ya Mint, imene ndi sisitimu yonse mu fayilo imodzi (ndi pafupifupi 3 GB, dikirani bandulo ya usiku kapena mupemphe kwa mnzanu amene ali nayo kale), ndiye muyatse Mint kuchokera pa flash yomweyo. Yesani ka Wi-Fi kobaya ku USB kaja, printa ndi sipika. Zikagwira pamenepo, zidzagwiranso mukaika.

Tsono pa nkhani ya chinsinsi ndi pomwe ambiri timadzinamiza. Munthu amaika Linux, kenako nkulowa Facebook ndi Gmail pa browser imodzi tsiku lonse, nkumati wabisala. Zambiri za inu zimatulukira pa browser. Mint imabwera ndi Firefox. Ikanimo extension (kapulogalamu koonjezera mu browser) ya uBlock Origin, imene pa Chrome inasiya kugwira mokwanira chifukwa cha malamulo a Chrome a ma extension otchedwa Manifest V3. Imatseka zotsatsa malonda ndi tizinthu tokulondalondani, ndipo bandulo imakhalitsa chifukwa mavidiyo odziyatsa okha aja salowanso. Onjezani Facebook Container kuti Facebook ikhale m'khola lakelake, isamaone masamba ena amene mukutsegula. Mu Settings zimitsani zotumiza data ku Mozilla, ndipo chofufuzira musinthe chikhale DuckDuckGo. Ma extension awiriwo akwana. Mukaunjika khumi, mwaitana alendo khumi m'nyumba.

Chachiwiri ndi diski. Pa nthawi yoika Mint pali pamene amafunsa ngati mukufuna encryption, kutanthauza kukhoma diski yonse ndi mawu achinsinsi, imene imatchedwa LUKS. Vomerani. Popanda iyo, wakuba akanyamula kompyuta amangoyatsira pa flash ngati mmene ndakuuzirani pamwambapa, nkuwerenga mafayilo anu onse osafunsidwa password. Koma chenjerani: mukaiwala mawu otsegulirawo, palibe katswiri amene angakutsegulireni. Sankhani mawu asanu kapena asanu ndi limodzi osagwirizana, ngakhale a Chichewa, muwalembe papepala, mulisunge kumene mumasunga ma setifiketi.

Ma password ena onse asungeni mu KeePassXC. Imawatsekera m'kafayilo kamodzi ka .kdbx pa kompyuta panu pomwepo, sifuna intaneti, sifuna akaunti. Kafayiloko muzikakopera pa flash kamodzikamodzi.

Za ntchito ya muofesi, LibreOffice ilimo kale. Kumene imavutitsa ndi pa mafayilo a docx olembedwa ndi Calibri: mizere imasuntha, tsamba limodzi nkukhala awiri. Ikani font ya Carlito, imene zilembo zake zili ndi muyeso wofanana ndi Calibri, ndipo CV kapena kalata yofunsira ntchito muzitumiza ili PDF. Makalata a imelo Thunderbird, mafilimu VLC. Koma ngati mumadyera Photoshop kapena CorelDRAW, ndisakunamizeni, sizikhalako bwino ku Linux. GIMP ndi Inkscape zilipo koma manja ayenera kuphunzira kachiwiri, ndiye mwina musiye Windows pa diski ina, muziiyatsa pa ntchito yokhayo.

Mu Software Manager pulogalamu imodzi imatha kuoneka kawiri, ya System Package (yochokera m'nkhokwe za sisitimu yomweyo) ndi ya Flatpak (yobwera ndi katundu wakewake). Flatpak yoyamba imakoka katundu wa ma MB mazanamazana, kapulogalamu kakang'ono nkukudyerani bandulo ya sabata. Yang'anani kukula kwake musanadine Install.

Tsiku loyamba lomwelo yatsani Timeshift. Imajambula mmene sisitimu ilili, kuti mukaononga posewera ndi maonekedwe mubwerere kumene munali dzulo. Zithunzi ndi zikalata zanu siisunga ayi, zimenezo zimafuna diski yakunja. Ndipo popeza ya patebulo ilibe batire, musayambe update yaikulu nthawi imene magetsi amakonda kuthima kwanuko. Ka UPS kakang'ono (batire losungira magetsi akathima) nkokwanira kukupatsani mphindi zoti muzimitse bwinobwino.

Mukayatsira pa flash ija, tsegulani Terminal (windo lolembamo malamulo) mulembe inxi -Fxz, imene imaonetsa zida za m'kati mwa kompyuta, ndiye muponye zotsatirazo pano. Chilembo z chija chimabisa ma serial number ndi IP yanu, choncho musaope. Ndikufuna ndione khadi la Wi-Fi ndi la zithunzi, chifukwa la zithunzilo likakhala la Nvidia pali driver ina yoti muike kudzera mu Driver Manager musanayambe zokongoletsa.