Achimwene anatuluka kundende, koma akungoimba za kundende: tiwaletse?

Mayi wina wandilembera imelo. Akuti achimwene awo anakhala zaka zingapo kundende ya Zomba, ndipo n'komweko anaphunzira gitala. Chitulukireni, madzulo alionse amakhala pakhonde n'kumaimba za mgaiwa ndi nandolo, za nyapala (akaidi oyang'anira anzawo), za kugona chokhala muselo yodzaza. Abale akufuna asiye, ati akukumbutsa mudzi zimene banja likufuna ziiwalike. Funso lawo ndi lakuti awaletse kapena ayi.

Mayi, musawaletse. Mudzi sunaiwale, ndipo kukhala chete kwa achimwene anuwo sikungauiwalitse. Mbuzi ikasowa lero, maso onse apita kwa iwo, aimbe asaimbe. Dzina lakuti "aja a kundende" anapatsidwa kale, ndipo anawapatsa ndi ena. Nyimbozo ndiwo malo okhawo amene nkhani yawo akuinena okha, m'mawu osankha okha.

Taganizirani mmene munthu amakhalira mkatimo. Ndende ya Zomba inamangidwa mu 1935 kuti izisunga anthu pafupifupi 340, koma yakhala ikusunga oposa 2,000. Ambiri avala foya yofanana, amawerengedwa m'mawa ndi madzulo, ndipo amadziwika ndi mlandu wawo. Tsiku lina munthu wotero agwira gitala, anzake n'kuyamba kunena kuti "itanani uja woimba." Kwa ife apanja izi n'zazing'ono. Kwa iye ndi koyamba pa zaka zambiri kuitanidwa chifukwa cha chimene amatha, osati chimene analakwa.

Zoterezi zinaoneka poyera mu 2013, pamene Ian Brennan, katswiri wojambula nyimbo wa ku America, ndi mkazi wake Marilena Delli analowa m'ndendeyi kukajambula chimbale cha nyimbo za akaidi. Amuna anali ndi bandi yawo ndi zida. Amayi analibe, ankadalira mawu, manja ndi zidebe, ndipo poyamba ankakana kuti iwo si opeka nyimbo. M'modzi ataimba yake, ena anatsatira, ndipo nyimbo zambiri za m'chimbalecho zinachokera kwa amayi omwewo. Asilikali a ndende enanso anaimba nawo pamodzi ndi anthu amene amawalondera. Chimbale cha Zomba Prison Project chinatuluka mu 2015 n'kusankhidwa kupikisana nawo pa mphoto ya Grammy ya 2016, koyamba kwa oimba a ku Malawi. Mphotoyo inapita kwa Angélique Kidjo, woimba wa ku Benin, koma dziko linali litamva kale. Malemu Lucius Banda nayenso, atatuluka ku Zomba komweko mu 2006, sanabise. Anatcha chimbale chake Cell 51 Maximum.

Pali vuto lenileni, komabe, ndipo si limene abale akuliopa. Kundende achimwene anu anali ndi anzawo oimba nawo, nthawi yoyeserera, ndi anthu omvetsera amene ankadziwa tanthauzo la mawu alionse. Kunja kuno ali okha pakhonde, omvetsera ake ndi abale okwinya nkhope. Ambiri otuluka amasowa gulu lija koposa mmene angavomerere, chifukwa ndani anganene poyera kuti pali china cha kundende chimene akuchisowa? Mwina kubwerezabwereza nyimbo zomwezo n'kufunafuna anthu aja. Munthu akasiyidwa choncho angathe kumatirira pa dzina la "woimba wa kundende", lomwe likadali ndende yomweyo, yangokongoletsedwa.

Nchifukwa chake ndikuti m'malo moletsa, apezereni oimba nawo. Kayankhuleni ndi mkulu wa kwaya kutchalitchi kwanu, inuyo pamaso, musatume mwana. Ena adzaumitsa khosi, musadabwe. Ngati kwaya yakana, pali anyamata a bandi pamsika, pali maukwati, pali maliro amene amasowa woyambitsa nyimbo usiku. Munthu amene waimba usiku wonse pa maliro a mnansi, m'mawa anthu amamupatsa moni wina. Akayamba kuimba ndi anthu amene sanalowepo m'ndende, mitu ya nyimbo imasintha yokha: mvula, ngongole, chikondi, mtengo wa feteleza.

Za ndalama zokha musawalonjeze. Kutchuka kwa chimbale cha Zomba sikunatsegule zipata za ndende kwa onse amene anaimbamo, ndipo oimba ambiri m'dziko muno sadya za nyimbo. Akhale ndi munda kapena ntchito ya manja pambali. Mawaya a gitala akaduka, agulireni ena.