Kodi ndisinthe mawaya onse a injini?

FUNSO

Amakaniko, galimoto yanga ndi ya petulo, ya masilinda anayi, yopangidwa mu 1994. Inali ya malemu bambo anga, n'chifukwa chake sindifuna kuitaya. M'mawa ndikailiza imayenda bwinobwino, koma injini ikatentha imayamba kunjenjemera, ndikaima imafuna kuzima, ndikaponda moto imajejema. Ndikadutsa pamabampu kapena kukagwa mvula zimanyanya. Ndasintha mapulagi, koyilo ndi fyuluta ya mafuta, koma palibe chasintha. Tsopano makaniko akuti tisinthe hanesi, mtolo wonse wa mawaya a injini. Kodi mawaya angachititse zonsezi, kapena akungoyerekeza?

*Mayi wothedwa nzeru*

YANKHO

Mayi, mwachita bwino kufunsa musanatulutse ndalama. Inde, mawaya okha angathe kusokoneza injini chonchi, ndipo mmene mwafotokozeramu, inenso maso anga ali pa mawayawo. Koma musavomere kusintha hanesi pongoti zina zonse zayesedwa n'kukanika. Makaniko akuonetseni kaye waya wolakwayo, kapena aliyambitse vutolo inu mukuona pongogwira mawaya ndi dzanja. N'zotheka, ndipo sizitenga tsiku lonse.

Chimene ndagwira m'kalata yanu ndi mabampuwo. Kutentha kokha sikukanandiuza zambiri, chifukwa koyilo kapena sensa ya crankshaft (kachipangizo kouza kompyuta mmene injini ikuzungulirira) ikayamba kutha imavutanso injini ikatentha n'kukhala bwino ikazizira. Chinyezi cha mvula nachonso chimasokoneza zingwe za mapulagi zikakhala zakutha. Koma vuto likamasintha galimoto ikagwedezeka, ndiye kuti pali chinthu chimene chikugunda n'kusiya, kugunda n'kusiya: waya wothyokera mkati mwa khungu lake, soketi yogwedera, kapena mawaya awiri osenduka amene akumakhudzana.

Injini ya zaka zimenezo imadalira kompyuta yake, ndipo kompyutayo siona, imangomva zimene mawaya akuiuza. Imatumiza mavolti 5 ku masensa ena n'kumawerenga zobwerera, ndipo zimenezo ndi zomwe zimaiuza mafuta oti ipereke komanso nthawi yoti pulagi ithetheke. Titenge sensa yoyeza kutentha kwa madzi. Injini ikamatentha, magetsi amadutsa mosavuta m'sensa imeneyi. Ndiye pa soketi yake pakagwira dzimbiri lobiriwira lija, magetsi amadutsa movutikira, kompyuta n'kumayesa kuti injini idakali yozizira, n'kumangothira petulo wambiri. Mapulagi atsopano amene mwagula aja amada bii ndi mwaye, utsi umanunkha petulo, injini ili njenjenje, pamene sensayo ilibe mlandu. Komanso masensa angapo amatenga magetsi pa waya mmodzi wa mavolti 5 uja, moti wayayo akangokhudza chitsulo, onse amasokonekera limodzi. Mukaiika galimoto pa makina opimira mumapeza zolakwika zambirimbiri zosagwirizana, lero izi, mawa zina. Ine ndikaona zotero sindigula sensa ngakhale imodzi. Masensa anayi sangafe tsiku limodzi.

Pa za makina opimira, dziwani kuti galimoto yanu inatuluka OBD-II, njira yolumikizira makina opimirawo ku galimoto, isanafale. Soketi ya mapini 16 imeneyi inakhala ya lamulo ku America mu 1996, ndipo ku Ulaya magalimoto a petulo anatsatira mu 2001. Yanu ingafune makina akeake, ndipo zina za nthawi imeneyo zimanena vuto pophethiritsa nyale, munthu n'kumawerenga. Owerenga amene ali ndi magalimoto atsopanoko, makina opimira akaonetsa nambala ya P0300 ndiye kuti moto ukuphonya m'masilinda osiyanasiyana, pamene P0302 ikuloza silinda yachiwiri yokha. P0335 ikunena za njira ya magetsi ya sensa ya crankshaft, ndipo njira imeneyo ndi sensa, soketi ndi waya womwe. Anthu ambiri amangothamangira sensa.

Nanga mawaya amaonongeka bwanji popanda wowakhudza? Hanesi yanu yagona pamwamba pa injini zaka zoposa 30, ikutentha n'kuzizira, oyilo akuidonthera. Khungu la pulasitiki limauma, limalimba gwa, kenako limasweka. Magalimoto ena anatchuka nalo vutoli. Mercedes-Benz ambiri opangidwa kuyambira cha m'ma 1992 mpaka 1996, monga W124, W140 ndi W202, anatuluka ndi mawaya a khungu lokonzedwa kuti lidzaole mosavuta galimoto ikadzatayidwa, koma linkayoyoka galimoto idakali pamsewu. Volvo 240 ndi 740 za m'ma 1980 zinadziwikanso ndi vuto lofananalo. Ngati yanu ili m'magulu amenewa, makaniko wanu akunena zinthu zodziwika kale.

Choyamba chimene ndimachita ndi kung'amba tepi yakuda ija pamalo otentha kwambiri, pafupi ndi mainjekita (timipopi topopera petulo mu injini) kapena chakufupi ndi ekizosi. Galimoto ina ya msinkhu wa yanuyi inabwera m'manja mwanga hanesi yake ikuoneka yabwinobwino kunja, yosang'ambika paliponse. Nditatsegula tepi n'kupinda mawayawo pang'ono ndi zala, khungu linangoyoyokera m'chikhatho changa, tizidutswa tofiira, tachikasu ndi tobiriwira, mkuwa uli pamtunda, waya wa injekita atatsamira pa mnzake. Mwini wake anangogwira pakamwa. Muzikhalapo, mayi, pamene akutsegula, muone nokha.

Khungu likakhala kuti likadali lofewa, galimoto ilizidwe mpaka itenthe, kenako makaniko azigwedeza hanesi pang'onopang'ono, gawo ndi gawo, soketi ndi soketi, khutu lili pa injini. Pamene injini yasintha kaliridwe kapena yazima, vuto lili pomwepo. Asamale manja ndi fani komanso malamba, ndipo zingwe za mapulagi asazigwire injini ikulira, chifukwa mmenemo mumadutsa mavolti masauzande ambiri.

Ayezenso earth. Waya wochokera kumutu wa negative wa batire kupita ku injini ndi ku bodi akachita dzimbiri, zizindikiro zake zimafanana ndendende ndi za hanesi yakufa, chonsecho kukonza kwake n'kungomasula bawuti ndi kupala. Aike multimeter, kachipangizo koyezera magetsi, pakati pa mutu wa negative ndi chitsulo cha injini, injini ikulira, nyale zonse zitayaka. Ikawerenga kupitirira 0.2 volt, ayambe wakonza pamenepo. Azule soketi ya kompyuta n'kusuzumiramo: mukapezeka oyilo, dziwani kuti wachokera ku sensa ina yodontha n'kuyenda mkati mwenimweni mwa waya, pakati pa timinga ta mkuwa, mpaka kukafika kumeneko. Mukaika hanesi yatsopano osasintha sensa yodonthayo, oyilo adzayendanso ulendo womwewo. Ndipo sindingalole munthu kugula hanesi tisanaone kapaipi kong'ambika kolowetsa mpweya wakuba, mphamvu ya pampu ya mafuta ndi compression (mphamvu yopanikizira mpweya) ya silinda iliyonse.

Tsono kusintha kapena kukonza? Ngati makoswe atafuna malo amodzi, kapena waya wakhulika pa chitsulo, dulani pamenepo n'kulumikiza waya wonenepa chimodzimodzi, pomufinya ndi cholumikizira kapena pomuwotcherera, n'kuvindikira ndi kachubu kofota ndi moto kaja. Zopotokola mawaya ndi zala n'kukulunga tepi ndimadana nazo kwambiri, chifukwa zimagwira sabata zochepa kenako vuto limabwerera pamalo obisika kuposa poyamba. Waya wa sensa ya crankshaft nthawi zambiri amakhala ndi ukonde wachitsulo womuteteza ku phokoso la magetsi, choncho sayenera kulumikizidwa ndi waya wamba. Koma ngati khungu likuyoyoka paliponse pamene mwagwira, musataye nthawi ndi zigamba. Mukamakonza apa, mukuthyola apo. Sinthani yonse.

Pogula, nambala ya hanesi igwirizane ndi yakaleyo. Galimoto za dzina limodzi zimasiyana mawaya malinga ndi mtundu wa injini, chaka, giya ya manual kapena automatic, ngakhalenso mbali imene kuli chiwongolero. Hanesi yochotsa pa galimoto yophwasulidwa ndimaiopa, chifukwa ikakhala ya chaka chomwecho imakhalanso yokalamba chimodzimodzi. Ngati palibe kuchitira mwina, aipinde pamaso panu musanalipire. Yatsopano ikasowa, katswiri wa zamagetsi a galimoto angathe kuluka ina ndi mawaya atsopano opirira kutentha, potsatira chithunzi cha mawaya cha galimotoyo.

Ntchito yoika imafuna munthu wofatsa, paja kuona maso a nkhono n'kudekha. Amasule kaye mutu wa negative wa batire. Ajambule zithunzi pa foni asanazule kanthu, ndipo soketi iliyonse ailembe dzina pa katepi, chifukwa masoketi ena ndi ofanana moti mutha kupereka waya wa injekita yachiwiri kwa yachitatu osazindikira. Ine ndimayala hanesi yatsopano pamwamba pa yakale n'kumasamutsa soketi imodzi imodzi, yakale kuzula, yatsopano kulowetsa mpaka ilire kuti tapu. Timapini ta soketi ya kompyuta ndi topyapyala, osakankha mwamphamvu. Pomanga earth apale chitsulo mpaka chiwale. Zomangira zonse zibwerere pamalo pake, mphira wa pabowo lolowera mkati mwa galimoto asaiwalike, ndipo waya asagone pa ekizosi kapena pa chitsulo chakuthwa. Hanesi yatsopano yongoisiya ikulendewera imakhulika msanga.

Pakali pano chepetsani kuyenda nayo. Mawaya osenduka akapanga shoti atha kuwotcha kompyuta ya injini, mwinanso kubutsa moto pansi pa boneti, ndipo petulo wosapsa amene akupita ku ekizosi amaononga catalytic converter, chipangizo choyeretsa utsi, ngati galimotoyo ili nayo. Mukaisiya usiku, masulani batire.

Ntchito ikatha, musadabwe injini ikamalira mosakhazikika pang'ono poyamba, chifukwa makompyuta ambiri amaiwala zimene anazolowera batire likamasulidwa, ndipo amakhazikika mukayendako. Mapulagi ngati anada ndi mwaye atsukidwe kapena asinthidwe, zolakwika zakale zifufutidwe, kenako muiyese itatentha, pamsewu wa mabampu. Ikakajejemabe, makaniko atsegule soketi ya kompyuta n'kuyeza ngati shoti yakale ija sinawotche njira yopita ku koyilo kapena ku injekita.