Musanakweze mtedza pa thiraki, funsani za labu

Achimwene, mwati mukufuna kuyamba kutumiza mtedza ku Joni, ndipo wina wakuuzani kuti mukangotenga pepala la ku labu ndiye kuti zonse zatheka. Ine msewu wa Mwanza, Zobue, Nyamapanda mpaka Beitbridge ndauyenda zaka zambiri, ndiye ndiloleni ndikuuzeni pamene pamagwera anthu.

Za MRA, chilolezo chotulutsira katundu kunja ndi satifiketi ya ku unduna wa zaulimi yosonyeza kuti mbewu ilibe matenda, zimenezo simuvutika nazo kwambiri, maejenti amazidziwa. Chimene chimaliza amalonda ndi chuku. Poizoni wake, amene azungu amamutcha aflatoxin, saoneka ndi maso, ndipo ngakhale mukazinge mtedzawo satheratu. Amawononga chiwindi. N'chifukwa chake maiko anaika malire: ku South Africa poizoniyu mu mtedza wodyedwa mwachindunji asapitirire 10 ppb (magawo 10 pa biliyoni imodzi), ku Ulaya ndi 4 basi.

Ulendo wina ndinagula mtedza wabwino kwambiri ku Mchinji, ndinayezetsa pa labu ina yotchipa, pepala linatuluka lokongola, chidindo chilipo. Nditafika, wogula anangoliyang'ana n'kufunsa kuti, "Labu imeneyi anaivomereza ndani?" Ndinasowa chonena. Anatenga sampulo yake n'kukayezetsa kwawoko, ine ndikulipira malo osungira katundu ndi pogona, dalaivala naye akundiwerengera masiku. Mtedza unapezeka kuti uli bwino, koma phindu linali litathera m'njira.

Apa ndi pamene ndinaphunzira kuti labu nayonso imayesedwa. Pali mabungwe amene ntchito yawo ndi kupita ku labu kukaona ngati makina ake amayeza molondola, ngati ogwira ntchito anaphunziradi, ndiponso ngati zotsatira zawo zimafanana ndi za malabu ena akapatsidwa sampulo imodzimodzi. Muyezo umene amatsata ndi ISO/IEC 17025. Ku South Africa bungwe lotere ndi SANAS. Ife kuno tilibe lathulathu, timadalira SADCAS, la maiko a SADC, limene likulu lake lili ku Gaborone. Mabungwewa amazindikirana kudzera m'mgwirizano wa padziko lonse, ndiye wogula akaona chizindikiro chawo papepala amakhala ndi chifukwa cholikhulupirira. Musasokoneze ndi MBS (Malawi Bureau of Standards), imene inakhazikitsidwa mu 1972: iwo amaika miyezo ndi kuyeza katundu, koma labu yawo nayo, monga ina iliyonse, imafunika wina wapadera woitsimikizira.

Pali kamsampha kena kamene ambiri sakadziwa. Labu savomerezedwa pa chilichonse. Ikhoza kukhala yovomerezeka poyeza madzi akumwa koma osati chuku mu mtedza. Choncho musakhutire akangokuonetsani satifiketi yopachika pakhoma. Pemphani mndandanda wa zimene anavomerezedwa kuyeza, muone ndi maso anu kuti aflatoxin mu mtedza walembedwapo, muonenso ngati nthawi yake sinathe. Pa tsamba la SADCAS pa intaneti pamakhala maina a malabu ovomerezeka.

Katengedwe ka sampulo nakonso muziikirapo mtima. Chuku sichigwira matumba onse mofanana, njere zochepa zowola zikhoza kuipitsa lodi yonse. Kutapa dzanja limodzi pathumba lapamwamba n'kudzinamiza nokha. Sampulo ichokere m'matumba ambiri, pamwamba, pakati ndi pansi. Ndipo pogula kumudzi, mukaona kuti akunyowetsa makoko ndi madzi kuti aswe mosavuta, mtedza umenewo usiyeni ngakhale mtengo utsike chotani. Zimandipweteka mtima chifukwa wokanidwa kunjawo ndi umene umabwerera kudzasinjidwa nsinjiro za ana athu.

Musanalipire thiraki, muimbireni wogula wanu, akuuzeni malire amene akufuna ndi malabu amene amalandira mapepala awo, ndipo akulembereni zimenezo pa WhatsApp kuti mukhale ndi umboni.