Chivomezi chija sichinachokere ku mwezi, chinachokera pansi pathu pomwepa

Amayi ena a ku Kapata, kuno ku Chipata, anditumizira imelo. Akuti usiku wina mbale zinalira pashelefu, malata nkuchita phokoso kwa kamphindi, ndiye kutacha anthu pamsika anali kunena kuti ndi chifukwa mwezi unali wathunthu. Funso lawo nlakuti kodi mwezi ndiwo umagwedeza dziko, ndipo kodi Chipata idzang'ambika tsiku lina?

Amayi, mwezi musiyeni. Inde uli ndi mphamvu yokoka, ndiwo umapangitsa kuti madzi a m'nyanja yamchere azikwera ndi kutsika monga zimachitikira ku Beira, koma uli kutali makilomita pafupifupi 384,000 ndipo siwo umathyola miyala. Chomwe munamva chinachokera pansi pa mapazi anu.

Nthaka yomwe timalimapo fodya ndi nsawawa ndi chikhungwa chabe, kuno kumtunda chimakhuthala mwina makilomita 30 mpaka 50, pomwe kuchoka pano kukafika pakati penipeni pa dziko ndi makilomita opitirira 6,300. Pansi pa chikhungwacho pali miyala yotentha kwambiri yomwe imasuntha pang'onopang'ono, ndiye chikhungwa chija sichimodzi ayi, ndi zidutswa zikuluzikulu zomwe zimakankhana kwina, kwina nkumatalikirana. Kuno kum'mawa kwa Africa zikutalikirana, mamilimita ochepa chabe pachaka, simungaone ndi maso. Koma mwala sutamuka ngati labala. Umapirira zaka mazanamazana, kenako umathyoka kamodzi, ngati phesi louma lomwe mukulipinda mpaka limve thyo! Kunjenjemera kwa kuthyokako ndiko kumayenda m'miyala mpaka kudzaliza mbale zanu.

Tsono onani pomwe tinakhala ife a Chipata. Kum'mawa kuli Nyanja ya Malawi, yomwe ili mu mng'alu waukulu wa East African Rift, nchifukwa chake ndi yakuya choncho, mamita pafupifupi 700 chakumpoto kwake. Mbali inayi kuli chigwa cha Luangwa. Amene munapitako ku Mfuwe mukudziwa momwe msewu umatsikira, kamphepo ka ku Chipata kamatha, kutentha nkukulandirani. Chigwa chimenechi nachonso ndi malo omwe nthaka inatitimira pakati pa ming'alu, koma nchakale kwambiri kuposa nyanja ija, ndipo m'miyala yake akatswiri amafukula mafupa a nyama zomwe zinakhalako zaka zoposa 250 miliyoni zapitazo, ma dinosaur asanabadwe nkomwe. Ku Nsefu, m'chigwa chomwechi, kuli kasupe wa Chichele, madzi amatuluka ali otentha komanso amchere, chifukwa amalowa pansi kutali kudzera m'ming'alu, nkutenthedwa, nkubwerera. Ine zimandidabwitsa kuti timapita kumeneko kukaona njovu basi, za pansizi palibe amazifunsa.

Choncho tili pakati pa zigwa ziwiri, kugwedezeka kwa apo ndi apo sikwachilendo. Zivomezi zazikulu zachitikapo kwa anansi athu: ku Salima mu Malichi 1989, ndi ku Karonga mu Disembala 2009 komwe kunagwedezeka kangapo motsatizana, nyumba zambiri zinagwa ndipo anthu ena anamwalira.

Chosangalatsa nchakuti mwezi womwe mukuunamizirawu nawonso umagwedezeka. Anthu a ku America omwe anapita ku mwezi pa maulendo otchedwa Apollo anasiyako makina omvera kugwedezeka kuyambira 1969, ena anagwira ntchito mpaka 1977, ndipo zivomezi zambiri za kumeneko zimayamba chifukwa dziko lathuli likukoka mwezi. Ndiye olakwa ndife! Ku pulaneti ya Mars nako chombo cha InSight chomwe chinatera mu 2018 chinamva kugwedezeka koposa ka 1,300.

Za kung'ambika kwa Chipata, gonani tulo amayi, zimenezo ndi nkhani ya zaka mamiliyoni. Chomwe ndingakuuzeni kuti muchiyang'ane ndi khoma la nyumba yanu, makamaka ngati ndi ya zidina zosaotcha kapena omanga anaumira simenti. Ngati pali mng'alu womwe ukukulirakulira pamwamba pa chitseko kapena pawindo, itanani mmisiri awuone mvula isanayambe. Ndipo chikadzabweranso muli m'nyumba, lowani pansi pa tebulo lolimba ndi ana, kutali ndi kabati ndi magalasi, mutuluke kugwedezeka kukaleka.