Ndikufuna Ntchito Yosamalira Nyama Zakutchire

FUNSO: Akonzi, ndine mtsikana wa ku Nkhotakota, ndipo chaka chino ndikumaliza maphunziro a zankhalango ndi nyama zakutchire ku Dedza. Ndatumiza makalata ambiri ofunsira ntchito, koma palibe amene wandiyankha. Ndichite chiyani?

YANKHO: Chemwali, olemba ntchito m'gawoli amayang'ana zimene munachitapo kutchire kuposa satifiketi yokha, choncho kalata yanu ifotokoze momveka ngati munawerengapo nyama, munagwiritsapo ntchito chipangizo cholozera malo cha GPS, kapena munakambiranapo ndi mafumu pa nkhani ya njovu zoononga minda. Kalata imodzi yomweyo yotumizidwa paliponse imazindikirika msanga, ndipo kawirikawiri imangoikidwa pambali.

Muli ndi mwayi chifukwa kwanu kuli nkhalango ya Nkhotakota, imene bungwe la African Parks lakhala likuyendetsa mogwirizana ndi nthambi ya boma yoona za nyama zakutchire kuyambira 2015. Mu 2016 ndi 2017 kunasamutsiridwa njovu pafupifupi 500 kuchokera ku Liwonde ndi Majete, ndipo malo otere amafuna alonda, oyang'anira mpanda wamagetsi komanso anthu odziwa kulankhula ndi midzi yozungulira. Ku Salima kulinso malo osungira nyama zakutchire otchedwa Kuti ndi nkhalango ya Thuma. Pitani nokha mukapemphe kugwira ntchito mongodzipereka ngakhale kwa miyezi yochepa, chifukwa amene anakuonani mukugwira ntchito ndiye adzakulemberani kalata yokuchitirani umboni.

Ntchito za boma zimalengezedwa m'nyuzipepala. Wina akakuuzani kuti mulipire ndalama kuti akulembeni ntchito, dziwani kuti ameneyo ndi wakuba.